Mbuzi za Malume Zikwere Chingalawa

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, kusaluni ntchito ikuyenda, koma mtima ukuwira, ndipo auwiritsa ndi malume anu. Ndati anu chifukwa ine ndayamba ndawabweza.

Paja mukudziwa kuti ndimaphunzitsa ana Sande sukulu kutchalitchi kwawoko, komwe iwo ndi mkulu wa mpingo. Mwezi wathawu tinali pa nkhani ya Nowa. Tinapanga chingalawa cha katoni ya sopo, ana n'kuumba nyama zadothi. Njovu zitakana kulowa pakhomo, kamtsikana kena kanafunsa kuti nanga zenizenizo zinakwana bwanji. Ndinayankha kuti Baibulo silinatchule msinkhu, mwina Nowa anatenga ana a nyama, poti sadya zambiri komanso satha malo. Mlandu wanga wonse ndi umenewo.

Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anatsalira nayo nkhaniyo. Mukanaona! Kalipentala wina anayamba kuyeza mikono pakhoma kuti atsimikize kuti malo analipo. Amayi a mlembi akuti nyama zonse zinagona tulo mpaka madzi kuphwa, ndiye za chakudya ndi ndowe tisavutike nazo. Wina anafunsa za chiswe m'chombo chamatabwa, anthu n'kufa nako kuseka. Onsewa ankangoganizira ngati ine, palibe anawakhudza. Koma malume anandiimiritsa kutsogolo ngati wakuba nkhuku. Akuti nyama zinalowa zikuluzikulu, ndi minyanga yomwe, chifukwa kwa wokhulupirira malo sachepa. Akuti kasekondale kanga kandizunguza mutu, ndikuwononga ana a eni. Kenako anati mwana wokula wopanda bambo amatero. Pamaso pa mpingo wonse, achimwene. Bambo athu amene anawaphunzitsa iwowo kuyendetsa galimoto.

Malumewo anandilanda kiyi wa kabati ya mabuku n'kupatsa mwana wawo uja wosadziwa ngati Genesis ali koyambirira kapena kothera. Chingalawa chathu ndinachipeza kudzala, mvula itachifewetsa. Ana anga akandiona pamsewu amandithamangira kufunsa kuti aphunzitsi mubwera liti.

Akazi a malume anabwera kusaluni, akuti ndikhululuke, magazi ndi amodzi. Ndinawaluka bwinobwino, kaya ndinakokako pang'ono. Ndinawauza kuti amene anandinyoza ataimirira kutsogolo akapepese ataimirira pomwepo, kiyi ali m'manja. Mpaka lero kuli zii.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Loweruka lino malumewo akubwera kumeneko pa kagalimoto kawo kofiira kaja, ati kudzaona mbuzi zawo, koma ndikudziwa kuti akudzandipaka matope kwa amayi. Muwawerengere amayi kalatayi iwo asanafike. Akafika mutsegule khola. Mbuzi zimene mwawawetera zaka zonsezi popanda ngakhale zikomo, muwapatse zonse, zazikulu ndi ana omwe. Ana okula opanda bambo sitingasunge chuma cha munthu woyera mtima, tingachiwononge. Akadandaula kuti sizikwana, muvule chipewa, muwakumbutse mwaulemu kuti kwa wokhulupirira malo sachepa. Tonde wonunkha uja akhale mpando wakutsogolo. Chingwe musawabwereke.

Amayi adzati tisatero, ndi mlongo wawo. Muwabwerezere mawu aja onena za bambo monga ndalembera, musawathire shuga. Ndipo inu ndimakudziwani, munthu akakusekererani mumasungunuka ngati sopo wotsalira m'beseni. Ulendo uno limbani. Tsiku limene ndidzatsegulenso kabati ija, khola lanunso lidzawatsegukira. Lisanafike tsikulo, akawete pakhonde pawo, anansi awamve.

Moni kwa amayi, kwa alamu anga ndi tiana tonse, komanso kwa azakhali akutsidya. Wa malume musapereke, sindinatumize.

Ndine mlongo wanu uja mumati
Katsabola