Nyenyezi Sisankha Fayilo

Lolemba, 3 Malichi

Desiki yanga aisunthira pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi. Pamalo panga, pawindo, pakhala mlendo. Suti ya buluu, nsapato zosongoka, pafyumu mpaka mutu kuwawa. Kompyuta asanayatse n'komwe, wakhoma kale satifiketi yake pakhoma. Dzina labwera lokha: a Satifiketi.

Zaka zisanu ndi zitatu ndikumanga phukusi la pulogalamu yathu ya m'masitolo a mankhwala. Ine ndekha. Kusankha mafayilo oti apite kwa makasitomala, kusiya oti atsale muno. Mndandanda wanga mizere 187, fayilo iliyonse ndi dzina lake, yotayipidwa ndi zala izi. Sinasowepo imodzi, sinalowepo yachilendo.

Bwana pamsonkhano: "Lachisanu lino phukusi amange mnzathu watsopanoyu. Likatuluka bwino, ntchitoyi ndi yake, inu muzikathandiza ku mafoni." Ku mafoni! Ine! Tsiku lonse kuyankha anthu osadziwa pamene kompyuta imayatsidwira.

Teni koloko amalume aimba, monga mwa masiku onse. Lero akuti kamuvi ka mausi kasowa pa sikirini. Mphindi makumi awiri kufunafuna kamuvi. Sitolo yawo ndi imene inayamba kugula pulogalamuyi, ndipo ndi iwo anandipemphera ntchito muno, ndiye sungawadule. Atatseka foni ndatsegula kafayilo kanga, zanga.txt, ndalembamo mizere iwiri kuti mtima utsike. Popanda kafayilo kameneka bwenzi nditaluma munthu kalekale.

Lachiwiri, 4 Malichi

A Satifiketi aona mndandanda wanga. Aseka mwaulemu, kuseka kopweteka kuposa kutukwana. "Achemwali, mwavutika zaka zonsezi. Ntchito imeneyi ndi ya mizere isanu ndi umodzi." Achemwali! Tinayamwa bele limodzi?

Nzeru yawo yonse ndi nyenyezi. Ukalemba *.txt ndiye kuti fayilo iliyonse yothera ndi .txt, kaya ili mu foda iti. Andifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu ya mkaka, ngati nyenyeziyo abwera nayo m'sutikesi. Ndimaidziwa ine, n'chifukwa chake sindiikhulupirira. Ili ngati tsache, imasesa zinyalala ndi ndolo yomwe.

Mndandanda wawo ndaukopera pano kuti ndizisekera:

siya zoyesera/*
siya *.log
tenga *.exe
tenga *.dat
tenga *.png
tenga *.txt

Akuti zosiya pamwamba, zotenga pansi, kuti zizioneka zaudongo. Udongo!

Chimene sukulu yawo sinawauze: kachipangizo kathu komangira phukusi n'kakale, kali ndi khalidwe lakelake. Mizere iwiri ikalimbirana fayilo imodzi, umapambana ndi wapansi. Ndiye "siya" wawo wa pamwambayo ndi mlonda wogona. Ma .txt onse a mu foda ya zoyesera alowa m'phukusi: mitengo yabodza, mankhwala abodza amene ndimayesera pulogalamu. Mapiritsi a ulesi. Jakisoni wa miseche. Pulogalamu siwerenga zimenezo, palibe angafe nazo, koma manyazi ake ndi okwana kutsitsa satifiketi pakhoma.

Ndaona. Ndatseka pakamwa. Ophunzira ndi iwo.

Lachitatu, 5 Malichi

A Satifiketi amanga phukusi loyeserera. Pansi pa sikirini palembedwa: mafayilo 212. Anga amakhala 187, nambala imeneyo ndingaitchule ngakhale ndili kutulo. Owonjezera 25. Iwo sakudziwa kanthu, aona ngati 212 ndi nambala yabwinobwino. Nanga adziwa bwanji, phukusi lakale sanalitsegule n'komwe.

Masana abwera ku desiki yanga ya kuchimbudzi, kapu ya tiyi m'manja, andiikira. "Tandionereniko mndandandawu, nyumba ino mumaidziwa ndinu." Ndayang'ana, ndagwedeza mutu ngati dokotala. Ndati uli bwino. Athokoza kawiri, manja onse awiri.

Mayina a mafayilo 25 aja sindinavutike nawo. Ndiwerengerenji zinyalala zanga zomwe? Nambalayo yandikwana, yanditsekemera.

Pa desiki yawo aikapo chithunzi, mkazi ndi kakhanda. Chandigwira pamtima kamphindi. Kenako ndakumbuka kuti anga ndi atatu, ndipo palibe anandifunsa za iwo posuntha desiki.

Pulani ndi iyi. Lachisanu phukusi lipite. Lolemba pamsonkhano ndidzalitsegule pamaso pa Bwana, mwaulemu, ngati ndangotulukira kumene. Ndidzadabwe nawo limodzi.

Amalume aimba, amva kuti kukubwera phukusi latsopano, akufunsa kuti adzawerenge chiyani. Yankho lomwe lija: chilichonse chothera ndi .txt tsegulani, werengani mpaka pansi, kenako n'kumandiimbira. Lamulo limeneli ndinawapatsa ndine zaka zapitazo kuti mafunso achepe. Sanachepe, koma lamulolo amalisunga ngati la Mulungu. Amapulinta tsamba lililonse, kuboola, kumanga ndi chingwe m'chikuto chobiriwira, kuchonga ndi cholembera pamene awerenga. Akakapeza jakisoni wa miseche aimbira Bwana okha. Mboni yaulere.

Lachinayi, 6 Malichi

Mvula m'mawa, ambulera yathyoka nthiti ina. Minibasi yandisiya patali. Ndafika masiketi ali chonyowa, a Satifiketi ali poumira pawindo langa, akuimba likhweru.

Dzulo ndinalakwitsa kuwauza bambo a ana. Iwo maso ali pa foni: "Bwanji osangomuuza munthuyo, mayi?" Bwanji osangomuuza! Akulankhula munthu amene sanalandidwepo ngakhale mpando wa m'basi. Ndimuuze, akonze, Bwana amuombere m'manja, ine ndikavale mahedifoni? Ufulu wa chitsiru umenewo.

Amalume lero kawiri. Koyamba makina opulintira akana, kachiwiri avomera ndiye amafuna ndidziwe. "Mphwanga, popanda iwe sitoloyi bwenzi nditatseka." Inde amalume, zikomo amalume. Mu zanga.txt ndalemba: Nkhalamba yaimbanso. Anandilera, chabwino, koma ndifere pa foni? Manja awo akunjenjemera, mutu nawo wayambapo. Akanangotseka kasitolo kawoko n'kumaothera dzuwa pakhonde, tonse tikanapuma.

Ndikalemba choncho mtima umapepuka, mawu amabwerera mwakale. Mawa ndidzawayankhanso mokoma. Chavuta n'chiyani pamenepo?

Lachisanu, 7 Malichi

Lapita. Fili koloko ndendende, masitolo 32. A Satifiketi adina batani ndi chala chimodzi ali chiimire, ngati nduna ikutsegula mlatho. Bwana awagwira chanza, aitanitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi. "Mwaona, mizere isanu ndi umodzi yokha!" Akuyang'ana ine.

Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa. Ndamwa botolo langa lonse, ndatenganso lachiwiri. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Poweruka ndadutsa pawindo, ndayeza ndi maso pamene desiki yanga idzabwerere. Kamtengo kanga ka m'chitini akasunthira pansi, kafota. Kapirire masiku awiri.

Loweruka, 8 Malichi

Ndilembe basi.

M'mawa ndikuchapa mayunifolomu, foni. A Satifiketi. Ndinati ayamba kulira msanga. Ndayankha ndi chigongono, manja ali sopo yekhayekha.

"Achemwali, pepani kukuvutitsani pa Loweruka. M'phukusi mwalowa za mu zoyesera, ndalakwitsa ndine, ndikukonza. Koma muli fayilo ina, zanga.txt. Ndikuganiza kuti ndi yanu."

Madzi akusefukira m'beseni, ine osaona.

Ndinakaika mmenemo ndekha. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, dala, chifukwa foda ya zoyesera ndi yokhayo imene sinkatuluka mu ofesi, ndipo palibe ankaitsegula koma ine. Kuyambira pamenepo ndimangokatsegulira pa kachizindikiro ka pa sikirini, m'mawa uliwonse, osaganizanso kumene kamagona. Mafayilo 25. Ndinawerenga nambala katatu, ndikunyambita milomo. Dzina ngakhale limodzi ayi.

Muli onse mmenemo. Bwana ndi mimba yawo. Makasitomala ndi mayina amene ndinawapatsa. A Satifiketi, masamba awiri pa sabata imodzi. Ndawafunsa ngati awerenga. Akuti mizere itatu yokha, ya nsapato zosongoka, kenako atseka. Akuti nsapatozo n'zobwereka kwa alamu awo. Sindinawafunse zimenezo.

Anapita okha ku ofesi kukaonanso ntchito yawo, pa Loweruka, opanda wowatuma. Phukusi loipa alichotsa, aika labwino, "siya" pansi, mafayilo 187. Masitolo 31 anali asanatsitse, aulesi, Mulungu awadalitse. Imodzi yokha inatsitsa dzulo lomwelo, patangopita mphindi makumi awiri.

Sindinafunse kuti ndi iti.

Ndaimbira amalume. Ikungoitana.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndaimba kasanu, osayankha. Kachisanu ndi chimodzi ayankha akazi awo, akuti agona. Masana dzuwa lili paliwombo, munthu amene sagona ngakhale akudwala malungo.

Bambo a ana maso ali pa foni yawo. "Bwanji osangomuuza" wawo uja akumvekabe nyumba yonse.

Mwina makina opulintira anakananso. Mwina inki inatha. Mwina anayambira mapiritsi a ulesi, n'kutopa. Ndikudzinamiza ngati mwana. Iwo aja sasiya tsamba.

Lolemba, 10 Malichi

Msonkhano. Ndisanatsegule pakamwa a Satifiketi aimirira okha. Akuti anaika mizere mozondoka, mafayilo oyesera anatuluka, anakonza Loweruka. Zoti anandipempha kuti ndiwaonere, zii. Za zanga.txt, zii. Bwana afiira maso, alalata za mbiri ya kampani kwa mphindi khumi, kenako atembenukira kwa ine: "Zinthu zimafuna akale. Pitirizani ntchito yanu." A Satifiketi ku mafoni mpaka adziwe nyumba.

Ndapambana. Ndi zimene ndimafuna, si choncho?

Desiki andithandiza kunyamula ndi a Satifiketi omwewo. Satifiketi yawo ija aitsitsa, aiika m'dirowa, pakhoma patsala msomali. Ubwino wawo ukundinyansa. Akanandineneza bwenzi ndili ndi pogwira, bwenzi ndikuwatukwana bwinobwino mumtima. Pano ndikafuna wonyoza ndikungopeza galasi la pawindo.

Zanga.txt ndaifufuta. Ngati kutseka khola mbuzi zitadya kale munda wa eni.

Teni koloko. Hafu pasiti teni. Leveni. Foni ili phee. Zaka zonsezi ndimapempha tsiku limodzi lotere.

Lachitatu, 12 Malichi

Dzulo ndinapita ku sitolo ya amalume poweruka. Wogulitsa wawo akuti atuluka. Njinga yawo ili pakhomo, chipewa chili pa msomali, chitseko cha kuseri chotseka. Ndinaima pakauntala ngati wogula panado. Ndinagula panado.

Lero m'mawa wamtengatenga wabweretsa envulopu yaikulu, dzina langa pamwamba, zilembo zokhotakhota za dzanja lonjenjemera lija. Mkati chikuto chobiriwira. Masamba 41, obooledwa bwino, omangidwa ndi chingwe. Zaka zisanu ndi chimodzi za pakamwa panga. Tsamba lililonse lochongedwa pakona. Za Bwana chonga, za makasitomala chonga. Pamene pali za amalume eniake palibe mzere wodula, palibe funso m'mbali, chonga yemweyo basi. Pa za Lachinayi lapitali, za khonde zija, cholembera chinaboola pepala.

Kumapeto alemba mizere iwiri:

Mphwanga, ndawerenga mpaka pansi ndisanakuimbire, monga unandiphunzitsira. Funso ndilibe.

A Satifiketi akuyankha foni kumbuyo kwanga, mawu ofatsa, akuthandiza munthu kufunafuna kamuvi ka mausi. Ndamvetsera. Akuti inde bambo, musadandaule bambo, muziimba nthawi iliyonse. Ndayang'ana wotchi.

Teni koloko ndendende.