Alamu Asiya Kuthira Mchere

Msakambewa, Dowa
Disembala 1957

Okondedwa achimwene a Felton,

Kuno tili bwino, kaya inu ku Halale? Mvula yagwa, koma malamulo a malimidwe atisautsa. Anansi athu a Elia amangidwa chifukwa cha mizere yokhota. Munda wa akazi anu wokha ndiwo ulibe mlandu, chonsecho mizere yake njokhota kuposa ya a Elia. Mlangizi wa zaulimi amauyendera tsiku ndi tsiku, njinga yake n'kumayedzamira mtengo wa mango munabzala uja.

Alamuwo akunenepa. Kungoti chiyambire kukolola sathira okha mchere m'ndiwo za ana anu, amaitana amayi awo. Ine sindinafunse, si za ine.

Nsalu munatumiza ija ikuwakhala bwino. Mlangizinso waiyamikira kwambiri. Tumizani ina.

Ndine mlongo wanu,
Eveline