Achimwene Agwa pa Polishi

Amake ana,

Mukapeza pakhomo potseka musadabwe, ndathamangira kuchipatala ndi achimwene. Agwa pabalaza. Kunabwera azimayi aja a kutchalitchi, ndiye mukuwadziwa achimwene ndi manyazi awo. Atangomva odi anaponya ndodo kuseri kwa mpando kuti aoneke ngati mnyamata. Poimirira kuti apereke moni, sokosi zinaterera pa polishi wanu uja, basi ali pansi. Dzanja latupa, m'chiuno akuti mukupweteka, koma mutu sanamenyetse. Chawapweteka kwambiri n'choti achita kudzutsidwa ndi azimayi. Mpaka misozi, munthu wamkulu.

Sindikukunenani, ndikudziwa mumafuna m'nyumba muziwala. Koma polishiyo ndabisa, musavutike n'kufunafuna. Kasaka kopondera pakhomo nako ndataya, pepani. Babu la mukolido lija gulani nokha lero. Eni nyumba akhala akungolonjeza, amenewo adzabwera nalo tsiku la maliro athu.

Mwana wa achimwene akaimba foni musamuuze kaye. Ameneyo akungodikira chifukwa choti awatenge, akawatsekere m'nyumba yake ya masitepe ija, kumene amatandala okha ngati katundu. Kumeneko achimwene sangakhalitse ndi moyo. Ndimuuza ndekha adokotala akawaona.

Pobwera ndigula ndodo yachiwiri. Imeneyo ndiziyendera ine, kaya pali alendo kaya palibe, kuti manyaziwo tizigawana awiri. Mukandiona nayo musaseke.

Ndine,
Bambo a ana