Tikulandana Nyimbo za Gonthi

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino kutaliko, ndipo ntchito ikuyenda. Kaya chifuwa chako chija chinasiya kukuvutitsa ndi kuzizira kwa kumeneko? Kuno tilipo. Mayi ako ndinawaona sabata yatha, ali bwino, akungodandaula miyendo. Azakhali ako m'nyumba muno akudzuka, akudya pang'ono. Ine ndikudzuka, ndikupita kushopu, ndikubwerako. Anthu akandifunsa kuti mwadzuka bwanji ndimati bwino, ndipo sikuti ndimanama, chifukwa palibe pamene pakundiwawa.

Ndalemba papepala ngati munthu wakale chifukwa foni sukuyankha. Mnzako woyendetsa lole uja wavomera kudzakupatsira pamanja. Sindikukudzudzula ayi. Chimuyikire m'manda msuweni wako Gonthi, nanenso foni ikalira ndimangoyiyang'ana.

Dzina limeneli ndinamupatsa ndine, ukukumbukira. Mwana womuyitana mpaka kusasa mawu, iye ali phee, tizingwe tili lende m'makutu, mutu ukugwedera ngati gulo. Ndinkamuuza kuti tsiku lina nyumba idzapsa iye akuvina. Mpaka pano ndimamutchulabe choncho. Dzina lake lenileni likukanika kutuluka m'kamwa mwanga.

Foni yake anatipatsa kuchipatala m'kajumbo, pamodzi ndi lamba ndi nsapato. Inakhala pakabati nthawi yayitali. Tsiku lina mlongo wake, Loya wathu uja wosagonja pamkangano, anayitchaja n'kuyitsegula, poti nambala yotsegulira anayiba kalekale. Anandionetsa pamene pali nyimbo. Ndinamufunsa kuti zonsezi anagula liti mwana wosagwira ntchito. Anaseka, koyamba chichitikire malirowo, n'kundiuza kuti masiku ano nyimbo sagula, amangobwereka. Zina Gonthi anazikopera m'fonimo, koma zambiri zili pa akaunti, m'malere. Ife kaseti tinkagula n'kulembapo dzina, ikadyedwa ndi wailesi n'kuyikulunga ndi bolopeni. Inu ana a lero mulibe ngakhale chogwira m'manja.

Ndinayamba kupita nayo kushopu. Ndimayiyika pashelefu, pakati pa chitini cha guluu ndi bokosi la misomali, n'kuyilumikiza ku kasipika kake kaja. Ndikamasenda nsalu yakale pa sofa, kuchotsa siponji yofumbwa, kukoka malamba atsopano, iyo ikuyimba. Ndi nyimbo zomwe zija ndinkati ndi phokoso la mabeseni. Sikuti ndayamba kuzikonda. Komanso sizindiliritsa. Ndimangodziwa kuti m'shopumo mukumveka zimene iye ankamva, basi.

Ndiye tsiku lina masana, ndili mkati mokhoma nsalu pa mkono wa mpando, nyimbo inaduka pakati. Nditayang'ana pafonipo ndinapeza dzina la nyimbo ina, kamzere kosonyeza pamene nyimbo yafika kakuyenda kokha, koma sipika ili zii. Ndinadina, yanga inabwerera. Pasanapite nthawi inadukanso. Ndinadinanso. Ndinangoti foniyi yatopa ngati mwini shopu.

Zinachitikanso kunyumba, azakhali ako akusita pabalaza. Ataona dzina la nyimbo likusintha popanda woyigwira foniyo, anasiya ayironi n'kukhala pansi pasimenti. Sanakuwe. Anangondifunsa motsitsa mawu ngati mwanayu wagona bwino kumene ali.

Loya ndiye anatimasulira. Anati akauntiyo ndi imodzi, munkayigwiritsa ntchito awiri, iwe ndi Gonthi, chichokere iwe kuno. Wina akayatsa uko, wa kuno zimamudukira. Apo m'pamene ndinakumbukira mmene Gonthi ankakuwira kuchipinda kwake kuti galu uja wandilandanso, n'kumadina foni akufa ndi phwete. Ine ndinkayesa ndi masewera a mpira a pafoni aja. Kani munkalandana nyimbo, wina kuno wina kutali uko.

Mphwanga, chimene ndakulemberera choyamba ndi ichi. Mawa lake ndili kushopu ndinayamba kuganiza za iwe. Uli wekha uko, wavala mahedifoni, ukudziwa kuti msuweni wako tinamukwirira, kenako nyimbo n'kuduka, foni yako n'kukuuza kuti foni ya Gonthi yakulanda. Loya akuti dzina la foniyo limaoneka. Ndipo ndinaona kuti zitachitika zimenezo unakhala masiku ambiri osayatsa. Sindikudziwa kuti unaganiza chiyani. Ndiye tamvera: ndinali ine, malume ako, ndi zala zanga za guluu. Si mzimu. Pepa.

Chachiwiri n'chakuti nkhaniyi yavuta m'nyumba muno. Akuti pulogalamu ya nyimboyi imamuphunzira munthu. Imaona zimene ukumvera n'kumakusankhira zofanana nazo. Poyamba ikayatsidwa inkabweretsa za Gonthi zokhazokha, zothamanga zija, ng'oma ngati akugogoda chitseko apolisi. Chiyambirenso iwe kumvera, ikubweretsa zozizira, zokoka mawu, za munthu amene sakudya. Loya akuti ukumufufuta mchimwene wake pang'onopang'ono, ndipo posachedwa foniyo imuyiwala, izidziwa iwe. Akufuna asinthe pasiwedi kuti utsekeredwe kunja. Akuti munthu amene sanabwere kumaliro, amene sanayimbe ngakhale foni ya pepani, alibe gawo pa zinthu za malemu.

Azakhali ako ali mbali yake. Akuti zovala tinagawa, bedi tinapereka, fungo lake m'chipinda muja linatha. Chatsala ndi chimenechi, kanthu kodziwa zimene mwana wawo ankakonda. Sindingawatsutse, akunena zoona.

Koma ine foniyo ndimakhala nayo tsiku lonse, ndipo ndimaona zimene iwo saona. Pali nyimbo imodzi imene umayibwereza masana aliwonse, ikatha n'kuyambiranso, mwina ndi nthawi yopuma kuntchito kwanu. Imeneyo si yozizira ayi. Ndinamufunsa Loya za nyimboyo osamuuza chifukwa chake. Anati ndi imene munkavina pakhonde muli ana asukulu, mpaka munathyola mwendo wa mpando wa kasitomala wanga n'kunamizira chiswe. Ikayamba imeneyo sindikulanda. Ndimasiya sipika ili zii, ine n'kumakhoma misomali, kamzere kakuyenda. Mayi wina wobweretsa makushoni anandifunsa chimene ndikuyang'anitsitsa pa foni yosalira. Ndinamuuza kuti ndikudikira uthenga.

Za kumaliro ndikudziwa. Mayi ako anandiuza kuti abwana ako anakukaniza, komanso ukanabwera mapepala ako sakanakulola kubwerera. Ndikudziwanso kuti manyazi amatseka pakamwa kuposa chisoni, ndipo tsiku lililonse ukachedwa amakulirakulira. Koma ndiwe wamkulu tsopano pa ana onse a banja lino, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Uwayimbire azakhali ako. Akakukalipira, umvetsere. Akadula, uyimbenso.

Za ine ndikuuze zoona. Sindinalire. Kuchipatala ayi, kumanda ayi. Anthu ankanditama kuti ndine wolimba mtima, pamene ine ndinangouma gwa ngati thabwa. Ndimadya osamva mchere. Nthawi yokhayo imene ndimamva kanthu kakusuntha m'chifuwa ndi pamene nyimbo yaduka, n'kudziwa kuti kwinakwake kuli munthu amene akumuganizira nthawi yomweyo. Si chimwemwe ayi, koma ndi kanthu ndithu.

Dzulo Loya anabwera kushopu kudzatenga foniyo, poti kuti pasiwedi isinthike nambala yotsimikizira imafikira pomwepo. Ndinayiyika m'thumba la ovolosi n'kumukaniza. Ndinamuuza kuti pulogalamuyo ikafuna kumuyiwala Gonthi imuyiwale. Ndataya kale mwana mmodzi, sindingatsekere kunja wina wamoyo kuti ndisunge zimene makutu a womwalira ankakonda. Anandiyankha kuti mchimwene wake sindinamukondepo, ali moyo ndinkangomunyozera nyimbo zomwezo, lero ndiye ndasanduka mwini wake. Anatuluka n'kusiya chitseko pululu. Azakhali ako sanandiyankhule chiyambire dzulo, chakudya anangondisiyira patebulo chovundikira. Mwina olondola ndi iwo, sindikudziwa. Ine ndasankha basi.

Ndiye usandichititse manyazi, mphwanga. Nyimbo za mwana wanga zikutha tsiku ndi tsiku chifukwa cha iwe, ndipo ndalola, nyumba yonse yandifulatira. Ngati mawu akukanikabe, yamba ndi chimene ukutha. Kalatayi ikakupeza, yatsa, undilande. Ine ndidzakulandanso kuti udziwe kuti ndilipo. Koma ukatero uyimbe foni, chifukwa azakhali ako kamzere koyenda kokha sikangawauze kuti pepani.

Undiperekere moni kwa anzako amene ukukhala nawo, ndi kwa mtsikana uja mayi ako akumangomunong'ona. Uzivala zotentha, uzidya. Mulungu akusunge, ndipo akubweretse kuno tikadali ndi moyo.

Ndine malume ako,
Bambo a Gonthi