Kawaya pamphuno pa malume

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Liwaladzi tonse tili bwino, kupatula bondo la amayi lija ndi mtima wa malume.

Paja munati ukwati wa Esinati ukhale ndi kabuku ka ndondomeko. Ndinapita kwa wosindikiza pa boma. Saizi ndinasankha yolowa m'thumba la jekete, pepala ndinatenga lolimba, lonyezimira, loti azimayi azidzikupizira m'tchalitchi. Chithunzi cha banja lonse ndinati chitambasuke pamasamba awiri apakati.

Wosindikizayo atachiyang'ana anati, "Bambo, pakatipa m'pamene timapinda n'kumanga ndi timawaya. Akuluwa asunthe."

Ndinapsa mtima. "Amenewo ndi malume, mwinimbumba! Akhale kumphepete ngati mlendo?"

Achemwali, timabuku tonse tinatuluka malume atagawika pakati ngati chambo chong'amba, kawaya kamodzi pamphuno, kena pamchombo. Tsiku la ukwati anthu ankangotsegula pakati pokhapo, nyimbo osaimba. Malume anakana kulankhula m'malo mwa banja mpaka ndinakawagwadira kuseri kwa tchalitchi.

Tsono malume akuti tisindikizenso kabuku kachikumbutso. Tajambulitsa chithunzi china, ndipo iwo aima kumphepete kwenikweni, akuti kumeneko kulibe waya. Wosindikiza wandinong'oneza kuti kumphepete n'kumene mpeni umadula. Chonde aimbireni foni ndinu, paja inu amakumverani.

Mulungu akusungeni nonse, asungenso khutu lamanzere la malume.

Ine mlongo wanu,
Yohane