Timahedifoni ta Deborah

Kanyama,
Lusaka.
11 Febuluwale, 2025.

Okondedwa asisi a Mainess,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, kungoti mvula yatizunza kuno ku Kanyama. Madzi afika pakhomo, ndipo kuti munthu akafike kumsewu amachita kudumpha pa mabuloko ngati chule. Musadabwe kuti mng'ono wanu Tiwo yemwe ankakusekani chifukwa cholemba makalata lero wagula pepala ndi envulopu. Zimene ndikufuna kunena sindingazinene pafoni. Dzulo ndinangokuuzani kuti Lachitatu kubwera mlendo ku Katete, inu n'kuvomera osafunsa kuti ndi ndani. Mulungu akudalitseni.

Mayi amene wakupatsani kalatayi ndi Deborah, ndipo kamtsikana kali kumsanako ndi Luyando. Yambani mwawapatsa mpando ndi madzi, kenako muwerenge. Deborah akuthawa mwamuna wake. Amene anatsala pang'ono kumubwezera m'manja mwa mwamunayo ndi ine, mng'ono wanu wa digiri.

Mukudziwa kuti chimalizireni sukulu ntchito sindinaipeze, ndiye ndimathandiza pa nyumba ina yobisa amayi othawa nkhanza. Komwe ili sindilemba, ngakhale kwa inu. Woyang'anira ndi Ba Philomena, mayi wachikulire amene kale anali nesi. Malamulo awo ndi akalekale. Mayi akafika pageti, foni izimitsidwe, simu ichotsedwe, zonse zilowe m'chitini cha mabisiketi. Mayina amalemba m'buku lokhomera m'kabati. Wogwira ntchito salandira mphatso. Ine zinkandinyansa zimenezi, asisi. Ndinawalembera masamba asanu owauza mmene tingasinthire zonse n'kuziika pa kompyuta. Anawerenga mpaka kumapeto, nati, "Walemba bwino, mwana wanga. Kasese pa khonde." Tsiku limenelo ndinasesa ndi mkwiyo mpaka tsache linasosoka.

Deborah anafika Lachinayi lomaliza la Januwale, masana, Ba Philomena ataperekeza mayi wina kuchipatala. Ndinamulandira ndine. Mlomo unali wotupa, dzanja lamanzere sankatha kulikweza. Anali atathawirapo kawiri kwa amalume ake ku Mandevu, ndipo kawiri konse anamubweza ndi mawu akuti shipikisha, ndiko kuti pirira, ukwati ndi momwemo. Foni yake ndinaitsekera m'chitini monga mwa lamulo. Ndinamusambitsira mwana, ndinamuphikira tiyi. Atamwa anagwada, namasula mfundo ya chitenje, natulutsa kabokosi koyera konga ka machesi. M'katimo munali timahedifoni tiwiri topanda waya, tija anyamata amayenda nato m'makutu ngati akulankhula okha.

"Ba sisi, nilibe kanthu kokupasani," anatero. "Tengani tutu. Ananigulila ni bamuna banga, manje nikatuona mtima uuluka."

Anandipatsa ndi manja awiri, ali chigwadire. Inu mukudziwa mmene amayi anatilerera: wosauka akakupatsa dzira sukana, chifukwa ukakana wamuuza kuti si munthu. Ndikanatha kubisala kumbuyo kwa mawu amenewo, koma ndisakunamizeni. Ndinatifuna timahedifonito. Ndinadziona ndikutsika minibasi m'tauni titandilendewera m'makutu ngati atsikana a m'mabanki. Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo m'buku sindinalembe.

Nditatilumikiza ndi foni yanga panatuluka dzina lakuti "Debo wanga". Ndinangoseka. Tsiku lachitatu foni inandichenjeza kuti pali kachipangizo ka munthu wina kamene kakuyenda nane. Ndinapukuta uthengawo ndi chala monga ndimapukutira mauthenga a kubetcha. Asisi, zimenezi tinaphunzira chaka chachitatu pa digiri yanga ya kompyuta, ndipo ndinakhoza bwino! Kabokosi kotere kamanong'oneza mafoni a anthu odutsa pafupi, mafoniwo n'kukauza mwini wake komwe kali. Mwini wake sanali Deborah, sanali ine. Ndi amene anakagula n'kukalembetsa pa foni yake. Masiku asanu ndi anayi ndinayenda nako m'chola, m'mawa kupita ku nyumba yobisika ija, madzulo kubwerera ku Kanyama, munthu akuonerera kadontho pa mapu.

Loweruka lapitali ndinafika pakhomo masana, cha m'ma 15 koloko. Yadi yathu ili ndi zitseko khumi, ndipo eni ake ndi amake Kalaba, amene amaweta anapiye m'chipinda chakumapeto. Ndinapeza pakhonde pawo pakhala bambo wa shati yosita bwino, nsapato atazikulunga m'mapulasitiki kuopa matope, kapu ya madzi ili m'manja.

"Tiwo, bwela kuno!" anafuula amake Kalaba. "Nenze nayesa mwamuna wakupeza, kanshi basakila mukazi wao."

Bamboyo anaimirira, nandipatsa moni mwaulemu ngati mkulu wa mpingo, nandionetsa chithunzi pafoni. Anali Deborah, atavala diresi la ukwati.

"Ndine Wilbroad, wa ku Chazanga. Mukazi wanga anasoba na mwana. Mutu wake siugwila bwino, amaibala kumwa mankhwala. Nifuna chabe nimupeleke ku chipatala."

"Sinimuziba," ndinayankha.

"Agona mu yadi muno, olo kuseli uku. Foni sinama, ba sisi." Anandisendezera mapu pafupi ndi mphuno. "Kuseni amachoka." Apa anatchula dera limene kuli nyumba ija, natchula ndi chigayo chimene ndimatsikirapo m'mawa. "Kuja manyumba ni yambili maningi, ndiye nayambila kuno. Lekani tituitane tumahedifoni twake timvele."

Anadina foni. M'chola changa, m'khwapa mwenimweni, munayamba kulira: tswii, tswii, tswii. Kaphokoso kakang'ono, asisi, koma kwa ine kanali ngati belu la tchalitchi. Ndinapanikiza cholacho ndi mkono mpaka nthiti zinawawa. Bambo uja anapendeketsa mutu ngati galu womva phazi kuseli kwa mpanda.

Amake Kalaba anandiyang'ana, nayang'ana chola, nayang'ana mlendo wawo. Kenako anadzuka, namenya chitseko cha anapiye ndi phazi. Anapiye mazana awiri analira pamodzi.

"Mwamvela? Ni bana banga aba, balila njala. Ba tate, manzi mwamwa, mwapumula. Muno mulibe mukazi wa munthu, ise tonse bamuna banatithaba kale. Yendani bwino."

Anamwetulira, nabweza kapu ndi manja awiri. Podutsa pafupi nane anaima pang'ono.

"Ba sisi, mwachoka thukuta, na mphepo yonse iyi?"

Atakhota pa ngodya ndinakhala pansi m'matope. Amake Kalaba anandiimirira pamutu, manja ali m'chiuno.

"Iwe Digili, chilila mu chola nichani? Osaninama. Mwamuna wamene mukazi wake adwala samwetulila so. Nenze naye wanga wa so, nimabaziba na kayendedwe."

Lamulungu m'mawa ndinasiya kabokosi kunyumba, ndinapita kukaulula kwa Ba Philomena. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna kuti atero. Iwo anangoitana Deborah n'kundiuza kuti ndibwereze zonse pamaso pake. Deborah sanalire. Anangonyamula mwana n'kuyamba kumubereka, ngati munthu amene wamva basi ikubwera.

"Nenze nizifunsa," anatero, "anaziba bwanji kuti nili kwa ba malume. Anafika nikalibe na kuvula nsapato." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ba sisi, nikhululukileni, nakuletelani mavuto."

Asisi, munthu uja anandipepesa ine. Bola akanandimenya.

Tsiku lomwelo Ba Philomena anasamutsira amayi ena onse kwa anthu a mpingo wawo. Nkhani ili kupolisi, ndipo Wilbroad amuitana Lachisanu. Koma Deborah abale ake onse mwamunayo amawadziwa makomo awo, ndiye ndinatchula inu. Ndinakutchulani ndisanakupempheni, mundikhululukire. Pomaliza Ba Philomena anandiuza kuti, "Kabokosi kaja kaponye m'chimbudzi, lelo." Ndinati inde.

Apa ndi pamene pali chimene sindinauze munthu aliyense. Sindinakataye. Kali pano patebulo pamene ndikulemba.

Musafulumire kukwiya, tamvani kaye. Kadontho kaja kakazima, munthu uja sakhala pansi. Adzapita kuchigayo n'kuyamba kugogoda geti ndi geti, kapena adzakaima pamene pamakwerera mabasi a kum'mawa. Koma kadontho kakamayenda, iye amakhulupirira kuti mkazi wake akadali mu Lusaka, ndipo maso ake amakhala pa foni. Choncho dzulo ndinakatenga n'kuyenda nako. Ndinalowa mu msika wa Soweto pakati pa ogulitsa tomato, ndinadutsa m'tauni, ndinafika ku Kalingalinga, ndinabwerera. Magetsi kuno amathima tsiku lonse, ndiye ndinakakhala kwa wometa tsitsi wina wa sola kuti kabokosiko kadye moto. Taganizani, kudyetsa diso la mdani wako kuti lisagone.

Ndinamuona. Ndili m'minibasi pa msewu wa Lumumba, galimoto yoyera inaima pambali pathu, iye ali pa chiwongolero, foni ili pa ntchafu. Ankayang'ana m'mawindo mmodzimmodzi. Akufuna mayi wa mwana kumsana, ndiye maso ake anandilumpha. Ndinaweramira pa dengu la mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta amene ndinakhala naye, mayiyo n'kunena kuti, "Ngati ufuna kusanza, sanzila uko, mwana." Kondakitala anaseka, basi inanyamuka. Nditatsika ndinapeza kuti zala zanga zaboola pulasitiki ya mpando.

Nkhope yanga waiona kamodzi pafupi, kamodzi mwina patali. Si wopusa. Akadzandiona kachitatu pamene pali kadontho, adzawerengera yekha, ndipo adzadziwa kuti mtsikana wa thukuta uja akudziwa komwe kuli mkazi wake. Chimene ndimaopa si kumenyedwa kokha ayi. Ndimaopa kuti atandigwira dzanja n'kulipotoza monga anapotozera la Deborah, kodi ndingakhale chete mpaka liti? Ine ndimadziwa kulemba masamba asanu, koma zimenezo sindikuzidziwa. N'chifukwa chake ndimayenda pa anthu ambiri pokhapokha, ndipo amake Kalaba andisamutsira m'chipinda chawo. Akuti akabweranso adzamuthira madzi otsukira anapiye.

Mwina mukuti ndi matama omwe aja, Tiwo kuganiza kuti amadziwa kuposa akuluakulu. Mwina ndi zoona. Ndadzifunsa kambirimbiri ndipo yankho sindinalipeze. Koma ndine ndinamuonetsa njira munthuyu, ndiye ndine ndiyenera kumusocheretsa, tsiku limodzi lokha. Mawa m'mawa Ba Philomena aperekeza Deborah mpaka ku Chongwe kuti akakwerere basi kumeneko, kalatayi ili m'mfundo ya chitenje. Nthawi yomweyo ine ndikwera minibasi ya ku Chawama, kenako ya ku Chilanga, kuti iye aziyang'ana kum'mwera pamene mkazi wake akupita kum'mawa.

Tsono ndili ndi zopempha. Anthu akafunsa, nenani kuti ndi m'bale wa alamu wochokera ku Petauke. Ana asamujambule Luyando, ngakhale ali wokongola chotani, ndipo chithunzi chake chisaikidwe pafoni ya munthu. Katundu wawo ndamufufuza katatu, mpaka ndinang'amba kachidole ka mwana n'kukasokanso, koma inunso muyang'ane. Chilichonse cholowa moto musachisunge. Dzanja lakelo akalione a dokotala. Akamadzidzimuka ndi kulira kwa galimoto musamufunse zambiri, mungomupatsa ntchito ya m'manja, amakonda kusoka. Deborah sakudziwa kuti kabokosi ndikadali nako. Musamuuze, angayambenso kupepesa.

Amayi musawauze chilichonse mwa izi. Muwauze kuti Tiwo ali bwino, akunenepa, ndipo ntchito ili pafupi kupezeka. Mwendo wawo uja ukupeza bwanji ndi kuzizira kuno? Mafuta opaka ndinagula, ali m'thumba la Deborah pansi pa matewera. Moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa cholandira mlendo amene sanamuitane. Moni kwa Enos ndi Monalisa, muwauze kuti anti awo akuti alimbikire sukulu, komanso azimvera akauzidwa kusesa. Chimanga chikakhwima mundisungireko chowotcha, chifukwa ndikufuna kubwera, asisi. Sindinalakelakepo kwathu ngati sabata ino.

Basi imafika ku Katete cha m'ma 15 kapena 16, mvula ikalola. Inu muziwerenga mawu awa Deborah atakhala kale pa mpando wanu, koma ine ndidzakhala ndisanadziwe. Musamalize n'komwe kupinda kalatayi, musadikire kuti alamu abwere kapena kuti madzi a tiyi awire. Imbani, mungoti "afika", basi. Ndikamva mawu amenewo nditsika pamene ndili, ndikasiya kabokosi kupolisi, kenako ndikagwada kwa Ba Philomena, andithamangitse ngati afuna. Foni ikhala m'manja mwanga. Mpaka muimbe, ine ndikhala ndikuyendabe, ndipo iye ali pambuyo panga.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Tiwo