Mapini Atatu a Ababa

Loweruka, pa 8 mwezi wa Hidar

Tsiku la 23 chimwalirire Ababa. Tenti ya maliro anaichotsa kalekale, koma mabowo a zikhomo akadali pabwalo. Nkhuku zikufukulamo.

Ndinapita kumalo ogulitsira khofi a mayi Askale kukabweza makapu omwe tinabwereka. Ndinaiwala kuti Loweruka ndi tsiku la nkhalamba zimene zinkagwira ntchito ya ndege zankhondo ndi Ababa. Zonse zili pa khofi, ngodya yomweyo. Atsala asanu ndi mmodzi, kale ankadzaza matebulo atatu. Pampando wa Ababa wina waikapo chipewa. Nkhani yomweyomweyo ya zaka makumi anayi: ndege ya F-5, Kambuku wawo. Mmene inkakhotera ngati namzeze. Mmene inkalirira podutsa pamwamba pa nyanja ya Hora, ng'ombe mpaka kusiya madzi. A Belachew, ogontha ndi mainjini ngati Ababa, kukuwa kuti ndege ya MiG ndi paipi ya madzi imene wina anaimata mapiko ataledzera. Onse kuseka ngati aimva koyamba. Nanenso ndinaseka. Kenako ndinatuluka msanga, misozi isanandiyalutse.

A Belachew ananditsatira mpaka pamsewu. "Tsedale mwanangu, mapini aja alipo? A Kefyalew akuwafuna." Ndinati a Kefyalew akawapemphe kumanda, njira ndiwalozera.

Lolemba, Hidar 10

Ku famu ya maluwa tsiku lonse. Zala zonse minga. Nditafika ndinatsegula chitini cha mabisiketi cha pansi pa bedi la Ababa. Alimo. Mapini atatu achitsulo, lililonse ndi kansalu kake kofiira. Kufiira kunatha, tsopano ngati tomato wosapsa bwino. Fungo la girisi likadalipo.

Ababa ankazinena ngati pemphero. Ndege ikaima pansi, miyendo yake itatu umaitseka ndi mapini kuti isapindike. Isananyamuke, makaniko umawazula, n'kuwakweza m'mwamba kuti woulutsa awawerenge. Akagwedeza mutu, umawaika m'thumba. Suchoka pabwalo, sudya, mpaka ndege yako itabwera uwabwezeremo.

Yawo sinabwere. Nkhondo ya ku Ogaden. Woulutsa anali a Kefyalew. Analumpha ndi palachuti, anthu oweta ngamila anawabweretsa patatha milungu iwiri, mwendo wothyoka. Ndege inatsala komweko, zidutswa. Chiyambire pamenepo sanaonanenso ndi Ababa. Amakhala ku Addis, ola limodzi pa minibasi kuchokera kuno. Ola limodzi.

M'chipatala Ababa anafunsa katatu: "Kefyalew sanafike?" Katatu konse ndinaimba foni. Mwana wawo kuyankha mwaulemu kuti uthenga aupereka. Pamaliro, ngakhale mthunzi wawo. Lero akufuna mapini. Manyazi anawasiya ku Ogaden komweko.

Lachinayi, Hidar 13

Amayi ayamba. Akuti mtima wanga ndi wa azakhali anga, amene anakwiyira mbuzi mpaka mbuziyo inafa ndi ukalamba. Ndinati mbuziyo iyenera kuti inalakwadi.

Nkhani yake ndi iyi. Nkhalamba zija zapatsidwa chilolezo cholowa kukampu ya asilikali Loweruka la sabata yamawa, kukaona Kambuku mmodzi wakale amene anaimikidwa m'maudzu. Zaka zitatu akulemba makalata. Ababa ndiwo ankawalemba, chifukwa cha dzanja lawo labwino. Chilolezo chafika iwo atapita. Ndicho chikundiwawa kuposa zonse.

Ndakumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tebulo lodyera ndiye ndege. Ababa anaboola miyendo yake itatu ndi msomali wamoto, Amayi mpaka sabata osawalankhula. Ine kukwawa pansi ndi mapini. Mwendo wa kumphuno poyamba, kenako kumanzere, kenako kumanja. "Usayang'ane ndi maso, tsatira bondo la mwendo ndi chala, pamene zitsulo ziwiri zikumana." Ndikamaliza ndimenye mimba ya tebulo kawiri, ndinene kuti wafika. Mphotho yake kolo, tirigu wokazinga uja, wodzaza dzanja. Anzanga ankasewera ndi zidole.

Ndege za masiku ano zikadutsa, ankaika chikhatho patebulo kuti amve kunjenjemera, n'kupukusa mutu. "Phokoso lokha. Ulemu palibe."

Lamulungu, Hidar 16

Kusala kudya kwayamba dzulo. Ndiwo ndi shiro, ya ufa wa nyemba ija, mawa shiro, mkuja shiro.

A Kefyalew abwera. Titangochoka kutchalitchi, bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, paa pageti. Ndinkayembekeza chimunthu cha pachithunzi cha Ababa, chachifuwa, chisoti m'khwapa. M'malo mwake kankhalamba ka ndodo, jekete yaikulu kuposa mapewa. Anavula chipewa pageti n'kuima pomwepo mpaka Amayi anakawatenga.

Khofi sindinakazinge ine. Ndinakhala pakhomo nditapinda manja. Anayang'ana mabowo a m'miyendo ya tebulo nthawi yaitali.

Zimene ananena ndizilembe ndisanazikometsere kapena kuziipitsa. "Ndege inali ya bambo ako. Dzina lolembedwa pambali linali langa, koma aliyense pabwalo ankadziwa mwini wake. Ife tinkangobwereka. M'mawa uja anandiuza kuti, bwana, mundibwezere yopanda ndi kachipsera komwe. Ndikanalowa pakhomo pano ndi chiyani m'manja?"

Ndinati zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi kuopa munthu amene Fasika iliyonse, Pasaka wathu uja, ankakusungirani mpando? Munthu amene ankamenyana ndi aliyense wonena kuti munauluka motsika kwambiri tsiku lija? Munaopa chiyani, sipanala? Amayi kunditsina. Khofi kuzizira m'kapu.

Potuluka anati: "Ndinaulukadi motsika kwambiri." Anauza ndodo yawo, osati ine.

Sindinawakhululukire. Ndalemba apa kuti ndisadzadzinamize. Koma ndawauza kuti mapini sayenda ndi mlendo. Loweruka ndiwanyamula ndekha, ndipo ndibwera nawo ndekha.

Loweruka, Hidar 22

Ndi kakang'ono. Moyo wanga wonse ndinkaganiza kuti ndi chinthu chotalika ngati tchalitchi. Kandege kowonda, kamphuno kosongoka, matayala akuphwa, mbalame zamanga chisa polowera mpweya. Msilikali wotiperekeza ankangoyang'ana foni.

Koma nkhalamba zija. Ndodo kuziiwala m'maudzu. Wina kusisita phiko ngati akusisita ng'ombe yake. A Belachew kulowetsa mutu wonse kumchira, kutuluka ali mbuu ndi fumbi, akuti fungo likadali lomwelo. Kukangana za tsiku limene ndege zinayi zinadutsa pamodzi pamwamba pa msika, mazira a mayi wina n'kusweka. Uyu akuti chinali Lachitatu, uyo akuti Lachisanu. Kwa ola limodzi panalibe wodwala msana.

Si ya Ababa. Nambala ina. Komabe miyendo yake inalibe mapini.

Nkhalamba zinkafuna chithunzi, a Kefyalew atanyamula mapini. Ndinawapatsa. Chithunzi sanachidikire. Anagwada ndi mwendo wawo woipa uja pansi pa mphuno ya ndege, n'kuyamba kufufuza bowo. Kufufuza, kufufuza. Maulendo onse aja mapini ankangowaona ali pamwamba, m'manja mwa wina. Kumene amalowa sadziwa. Anayang'ana a Belachew. A Belachew akuti iwo ndi a injini, za miyendo afunse Zewdu. Anatchula dzina la Ababa ngati ali kuseri kwa phiko.

Ndinati sunthani, bwana, mungathyole ndi mwendo winawo.

Siketi yanga yakuda yamaliro, m'maudzu, m'zitosi za mbalame. Ndinatseka maso. Bondo la mwendo, pamene zitsulo ziwiri zikumana. Bowo lilipo, ndendende pamene ankanena. La kumphuno linalowa. La kumanzere linalowa. La kumanja dzimbiri, linakana, ndinalipaka mafuta anga a m'manja n'kulikhoma ndi chidendene cha nsapato. Ndinamenya mimba ya ndege kawiri. Mawu aja anatuluka okha: wafika.

Nditadzuka, kankhalamba kaja kali chiimire, ndodo pansi, dzanja pachipumi. Sindikudziwa ngati sailuti inali yanga, ya ndege kapena ya Ababa. Sindinafunse.

Ndinanena kuti ndibwera nawo. Ndawasiya momwemo. Mapini akalowa sazulidwa popanda ulendo. Chitini ndabwera nacho chopanda kanthu, Amayi aikamo kale mabatani.

Pageti ndinauza a Kefyalew kuti mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirire Ababa ndi Lachiwiri, ansembe amayamba molawirira, ndipo sindiimbanso foni kachinayi.

Lachiwiri, Hidar 25

Mbandakucha. Injera, buledi wathu wopyapyala uja, taphika dzulo, mphodza zili pamoto, azimayi a m'dera sanayambe kufika. Ndinatuluka kukataya madzi. Pageti pali munthu, chipewa m'manja, jekete yomwe ija, mame mpaka m'mapewa. Minibasi yoyamba ya ku Addis siinafike n'komwe, ndiye kaya agona kuti.

Sagogoda. Angoima.

Ndawasiya aime pang'ono. Ababa anaima zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, mphindi khumi sizipha munthu. Ndalowa kudzalemba izi. Mpando wa Fasika uja uli kuseri kwa kabati, ufunika kupukuta, mwendo umodzi umagwedera. Kansanza ndinakaika kuti?